Foni yanga inagona ku polisi miyezi 7 chifukwa cha feteleza amene sindinamuonepo

Dzulo ndi pomwe andibwezera foni yanga. Inali mu envulopu ya khaki, kumsana atamata kapepala ka nambala ya ekizibiti (katundu wosungidwa ngati umboni), batire litatupa ngati chitumbuwa. Miyezi isanu ndi iwiri ndakhala ndikuyendera kafoni ka mabatani kobwereka kwa mlamu wanga.

Nkhani yake ndi yochititsa manyazi. Munthu wina ankatsatsa feteleza pa gulu la WhatsApp, mtengo wotsikirako pang'ono. Tinacheza, ananditumizira zithunzi za matumba a Urea ataunjikidwa m'shedi, nkundijambulira mawu kawiri akunditchula "achimwene". Ndinatumiza ndalama ya matumba asanu kuchokera pa foni yanga. Kutacha, nambala yosapezeka. Zoti ndinapusa mayi a kunyumba anandiuza kale, musavutike kubwereza.

Ndinathamangira pa malo ena osindikiza mapepala. Ndinajambula ma screenshot a macheza onse, masamba 41, a kala, ndalama yogulira nkhuku inathera pomwepo. Nditafika nawo ku polisi, bambo wa CID anangovundukula masamba atatu nkundifunsa kuti, "Bambo, nambala ya munthuyu ili pati apa?" Panalibe. Ndinali nditamusunga m'foni ndi dzina loti "Wa Feteleza", ndiye tsamba lililonse pamwamba pake palembedwa dzina lomwe ndinapeka ndekha. Anandiuza mosapsatira kuti macheza otere mwana wa sekondale angawapange ndi mafoni awiri pasanathe ola. Mukamajambula screenshot, nambala ya munthuyo izioneka, tsiku ndi nthawi zizioneka, ndipo musadule m'mbali. Koma ngakhale mutatero, chimene iwo akufuna ndi foni yeniyeniyo.

Pamenepo mpamene mtima unandigwa. Foni imeneyi ndi imene ndimagulitsira soya, makasitomala onse ali momwemo. Anandiuza kuti lamulo la 2016, Electronic Transactions and Cyber Security Act, limalola kuti uthenga wa pa foni kapena pa kompyuta ukhale umboni m'khoti, koma khoti limafuna kukhutira kuti uthengawo sunasinthidwe kuchokera pomwe unalembedwa. Pepala losindikiza silingayankhe funso limenelo.

Musanapereke foni, imbani *#06#. Pabwera nambala ya manambala 15, ndiyo IMEI, nambala yozindikiritsa foni yanuyo, ya mafoni a simu ziwiri zimabwera ziwiri. Ilembeni papepala, ndipo wolandira foniyo alembe dzina lake, tsiku, nthawi, mtundu wa foni ndi IMEI yomweyo, asayine, inu mutenge kope. Ine sindinatero. Ndinangoti ndi aboma awa, nkupereka, nkumapita.

Ndabwerera m'mbuyo pang'ono, ndaiwala chinthu chimene chinadzandiluma kutsogolo. Usiku umene ndinazindikira kuti andibera, ndinamulembera munthu uja mawu oti sindingawalembe pano. Ndinatchulamo ndi makolo ake omwe. M'mawa mutu utazizira ndinachita manyazi, nkufufuta mauthenga atatuwo. Musafufute kanthu. Ngakhale mwatukwana, zisiyeni momwemo. Musatuluke pa gululo, musasinthe simu, musapite nayo foni kwa anyamata a mumsika kuti aiflashe. Ngati macheza anu ali ndi zija zoti mauthenga azizimiririka okha pakapita masiku, zimitsani zimenezo tsiku lomwelo, ngakhale kuzimitsako kumangoteteza mauthenga atsopano, osati akale. Kenako foniyo ichotseni pa netiweki, chifukwa winayo akadali ndi mpata angathe kufufuta zake kwa nonse, inu nkutsala ndi kamzere konena kuti uthengawu wafufutidwa.

Za ndalama zinayenda njira ina. Ka SMS kotsimikiza kuti ndalama yapita kali ndi nambala ya transaction, ndipo kameneko kanagwira ntchito kuposa masamba anga onse 41. Kampani ya foni singakupatseni inu mbiri ya nambala ya munthu wina, mupite mulire bwanji. Apolisi amayenera kukatenga chilolezo kwa majisitireti, ndiye kampani nkutulutsa: simu inalembetsedwa m'dzina la ndani, ndalama inatapidwa kwa ejenti uti, nthawi yanji. Chiyambire 2018 simu iliyonse imayenera kulembetsedwa ndi chiphaso, koma ya wondibera uja inapezeka m'dzina la gogo wina wa kumudzi amene sadziwa nkomwe kuti WhatsApp nchiyani. Wa feteleza uja anamugwira chifukwa ankatapa kwa ejenti mmodzimodzi, ndipo ejentiyo ankalemba m'buku. Zolembedwa pa WhatsApp kampani ya foni ilibe, zimayenda zotsekedwa kuchokera foni ina kufika foni ina. Nchifukwa chake apolisi anakakamira foni yanga.

Tsopano tsiku limene linandiwawa. Mlandu unaikidwa Lachiwiri, 9 koloko. Ndinadzuka 4 koloko, kabaza mpaka pa msewu, minibasi ziwiri, ndinasiya munthu wofuna matumba 20 a soya akundidikira. Tinakhala pa benchi panja mpaka dzuwa kupendeka. Titalowa, woimira boma anatulutsa envulopu ija. Loya wa woimbidwa mlandu anaimirira mosathamanga, nkupempha kuona pepala losonyeza manja onse amene foniyo inadutsamo. Linabwera. Panalembedwa kuti inalandiridwa tsiku lakuti, ndipo inafika kwa katswiri woyeza mafoni patapita masiku 19. Pakati pamenepo palibe dzina, palibe siginecha. Loya anangofunsa kuti, "Masiku 19 amenewa foniyi inali m'thumba mwa ndani?" Khoti lonse zii. Wapolisi amene anailandira anali atasamutsidwa kupita boma lina. Majisitireti anaimitsa mlandu mwezi wathunthu kuti akamuitane. Mphindi khumi sizinakwane. Ndinatuluka ndilibe ndi ya chipisi yomwe, soya uja munthu anakagula kwina.

Ndikanakhala ndi kope langa la tsiku lopereka foni, lokhala ndi IMEI ndi dzina la wolandira, bwenzi theka la phokoso limeneli kulibe. Tengani pepala. Akakuuzani kuti fomu yatha, ng'ambani tsamba m'kope lanu, alembe pamenepo.

Ulendo wachitatu katswiri uja anabwera, mnyamata wofatsa wa magalasi. Iyeyu ndiye anandichotsa mkwiyo pang'ono, chifukwa anafotokoza zomveka. Anati iwo safufuza m'foni mwenimwenimo ngati mmene timachitira ife ndi chala. Amakopera zonse pa kompyuta, nkuwerengetsa chimene amati hash, mndandanda wa zilembo ndi manambala 64 umene uli ngati chidindo cha zomwe akoperazo. Mukasintha ngakhale kadontho kamodzi, mndandanda wonse umasinthika. Anawerenga wa tsiku lokopera, nkuwerenga wa kope lomwe anabwera nalo m'khoti, zinafanana. Za masiku 19 aja wapolisi wosamutsidwa anadzalumbira kuti foni inali yozimitsa m'kabati yokhoma, buku la ma ekizibiti linasonyezadi choncho. Bwanji sanalembe pa fomu pomwepo? Anati anatanganidwa.

Kenako inafika nthawi yanga. Loya anandiyang'ana nkumwetulira. "Bambo, munafufutapo chilichonse m'foni imeneyi?" Ndinali nditalumbira, ndipo lipoti la katswiri linali patebulo likusonyeza kuti usiku uja panali mauthenga amene kulibenso. Ndinavomera. "Ndiye khoti lidziwa bwanji kuti simunafufute pomwe kasitomala wangayu ankakuuzani kuti mubwere mudzatenge katundu wanu?" Thukuta linatsika mpaka m'sokosi. Chinandipulumutsa ndi foni ya mkuluyo, imene anamugwira nayo: mauthenga anga atatu aja anali momwemo, osafufutidwa. Anawawerenga mokweza, liwu ndi liwu, womasulira nkubwereza, apongozi anga atakhala benchi yachiwiri.

Anamupeza wolakwa pa mlandu wopeza ndalama mwachinyengo. Ndalama yanga mpaka lero sindinaione, akuti nkhani imeneyo ndi ina. Foni sanandipatse tsiku la chigamulo, anati tidikire nthawi ya apilo ithe, kenako wosunga kiyi wa chipinda cha ma ekizibiti anali ku maliro, kenako anali ku maphunziro. Dzulo posayina kuti ndalandira, ndinapempha kope la pepalalo. Mayi wa pa kauntala anandiyang'ana ngati ndapenga, koma anandipatsa. Za batire latsopano, okonza mafoni akuti ndipite nayo Loweruka.