Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Anayi pa ndowa imodzi

M'gawo lapitali ndinalekezera pamene dzina langa linatuluka pa osankhidwa kupita ku Fomu 1. Sukulu yake inali ya CDSS, imodzi mwa zija zinkatchedwa MCDE boma lisanazisinthe kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Inali pa katawuni kena m'mbali mwa msewu wa M1, pakati pa Dedza ndi Ntcheu, kuja ukangowoloka tala walowa m'dziko la Mozambique. Malo ogona inalibe, ndipo kwathu unali ulendo wa maola atatu wapansi. Choncho mu Januwale 2000, poti masiku amenewo chaka cha sukulu chinkayamba mu Januwale, ndinalowa selefu.

Nkhope za anzanga ambiri a m'kalasi zinandithawa kale. Amene sachoka m'mutu ndi atatu omwe ndinkadya nawo mbale imodzi, ndipo aliyense ndimam'kumbukira ndi ntchito imene ankaidziwa. Tinkachita lendi chipinda chimodzi cha zidina kuseri kwa golosale, pansi pozira, mphasa ziwiri, mapoto awiri, mbaula ndi ndowa yachitsulo.

Wosunga chimanga anali mnyamata wa ku Tsangano, wamkulu kwa tonsefe chifukwa anabwereza Sitandade 8 kawiri asanasankhidwe. Masamu a m'kalasi ankamuvuta, koma a m'thumba ayi. Anyamata anayi odya nsima masana ndi madzulo amamaliza ndowa imodzi ya chimanga pa sabata. Thumba la makilogalamu 50 limatulutsa ndowa zitatu. Teremu ya masabata 13 ndiye imafuna matumba anayi ndi ndowa imodzi yapamwamba: aliyense thumba lake, yapamwambayo n'kusonkherana. Wina akati tiwonjezere ufa lero poti tatopa ndi mpira, iye ankangoti, "Aise, ndowa sinama." Ankalemba kamzere pakhoma ndi khala nthawi iliyonse tikatapa m'thumba.

Zokonola ankazikana m'pang'ono pomwe. Ndowa yodzaza ikakonoledwa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi limapita ku madeya, kenako mphale uyiviike masiku atatu, uyitsuke, uyiyanike, ugayitse, uyanikenso ufa. Mwana wasukulu nthawi imeneyo aipeza kuti? Tinkadya mgaiwa. Vuto la mgaiwa n'lakuti suchedwa kuwonongeka, chifukwa mtima wa chimanga uli ndi mafuta, ndipo ukakhalitsa umayamba kafungo ndi kuwawa. N'chifukwa chake tinkagayitsa ndowa imodzi yokha Loweruka lililonse. Ufa ukachoka kuchigayo umakhala wotentha, ndiye uyambe wauyala pamphasa kuti uzizire. Ukaumangira m'thumba uli wofunda umachita thukuta n'kuundana mibulu, pofika Lachitatu wayamba nkhungu. Matumba a chimanga tinkawasanjika panjerwa, osakhudza khoma, kuopa chinyezi ndi chiswe. Amene wabwera ndi chimanga chosathira Actellic, chake ndicho chinkayamba kudyedwa, apo ayi anankafumbwe asamukira m'matumba a anzake.

Wachiwiri anali wa nyemba. Anakulira kwa agogo ake aakazi, ndipo anatiphunzitsa kuti makala amathera pa nyemba, osati pa nsima. Makapu awiri a nyemba ankawasankha madzulo n'kuwaviika usiku wonse. M'ma 5 koloko m'mawa ankazitereka pamoto waukulu mpaka zibwate bwinobwino, kenako tisananyamuke ankathira madzi otentha okwanira, kuvindikira, n'kukwirira makala ndi phulusa pang'ono kuti moto uziyenda mwakachetechete. Tikaweruka chakumasana tinkazipeza zafewa. Tomato ankalowa pomaliza, chifukwa ukamuika msanga kuwawasa kwake kumalimbitsa khungu la nyemba, ndiye udzapsereza makala theka la jumbo zili gwa. Nyemba za chaka chatha ndi zina zosamva moto, ndipo mankhwala ake ndi kasoda kapansonga ya supuni. Ukachulukitsa zimasanduka phala lonunkha sopo. Zotsala madzulo uziwiritsenso usanagone, osapisamonso chipande, kupanda apo m'mawa wazipeza zasasa. Masiku ena inali bonya, yoyamba yaviikidwa m'madzi otentha kuti mchenga ndi kuwawa zichoke. Kabichi ndi mbatatesi kudera limeneli sizinkatidodometsa, ukapita ku msika wa Lizulu dzuwa litapendeka ogulitsa ankangofuna kuchotsa katundu.

Za mbaula ndinenepo mosaseka. Mu Juni ndi Julayi kumapiri kumeneko kumazizira mpaka zala kukana kugwira cholembera, ndiye mtima umafuna kugona ndi mbaula m'nyumba. Mpweya woipa wa makala sununkha ndipo suoneka. Umayamba ndi mutu, kenako nseru ndi kufooka, munthu n'kugona osadzukanso. Anyamata awiri a chipinda choyandikana nafe anachita kuwatulutsa chonyamula m'bandakucha wina, mwamwayi anatsitsimuka atawagoneka panja. Kuyambira pamenepo amayi eni nyumba ankazungulira usiku uliwonse akugogoda: "Ana inu, mbaula panja!" Ifenso tinkayankha, "Yatuluka kale, amayi," ngakhale nthawi zina inkatuluka iwo atagogoda.

Wachitatu anali wa zovala. Aliyense anali ndi shati yoyera imodzi, yochapa Lachitatu masana ndi Loweruka. Iyeyu sankalola kuyanika paudzu kapena pampanda wa pafupi ndi bafa, chifukwa ntchentche zimaikira mazira pa chovala chonyowa, mawa lake mphutsi yalowa pakhungu n'kutupa ngati chithupsa. Kusita ndi kumene kumapha mazirawo, makamaka m'misoko ndi m'khwapa. Ayironi ya makala ankaika makala oyaka kale, osati akuda, n'kuipukusa uku ndi uku kuti iyake. Asanaiike pa shati ankauzira phulusa panja, kupukuta kunsi kwake ndi kansanza, n'kuyesa kaye papepala. Kakhala kamodzi kothothoka pabowo la m'mbali kamasiya chibowo chozungulira ngati cha ndudu, ndipo shati ina udzaiona teremu yamawa.

Usiku tinkawerengera koloboyi: kabotolo, chivindikiro chobowola pakati, ndi chingwe chopota kuchokera ku nsanza ya thonje. Botolo la Fanta lodzaza palafini linkatha sabata tikamawerenga maola atatu usiku uliwonse. Chingwe chikatalika moto umakula, koma palafini amatha msanga ndipo m'mawa mphuno zili bii ndi mwaye.

M'kalasi amene ankatinyamula anali mtsikana wina wamfupi wokhala kutsogolo, amenenso anali pa selefu ndi anzake kuseri kwa chigayo. Buku la Physical Science linali limodzi pa gulu la anthu khumi, ndipo ndiye anakonza zoti lizigona kwa munthu usiku umodzi, wolilandira akopere mutu umodzi mu kope la gulu asanalipereke kwa wotsatira. Labu kunalibe, ndiye zipangizo zambiri tinazidziwira pa zojambula. Iyeyu ankasaka mapepala akale a MANEB kwa achibale ake a kusukulu zogonera komweko, n'kumatiyankhitsa Lamlungu masana atagwira wotchi. Ndiyenso anatimasulira za mapointi tili Fomu 3: pa MSCE 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 wangokhoza, 9 walephera, ndipo amawerenga maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino. Ochepa ndiwo abwino. Koma ankabwereza chinthu chimodzi mpaka kutitopetsa nacho, kuti ukagwa Chingerezi satifiketi palibe, kaya kwinako wakhoza motani. Atsikana anzake angapo anasiyira panjira, ena mimba, ena fizi. Selefu inkawapweteka kuposa ife, chifukwa ufa ukatha, amuna a ndalama za mbatatesi ankakhala ali pafupi.

Fomu 3 yomweyo inagwera m'njala ya 2002. Pofika Febuluwale, mwezi umene boma linalengeza kuti m'dziko muli tsoka la njala, palibe amene anabwera ndi thumba lodzaza. Mkulu wathu uja anasintha masamu: nsima kamodzi patsiku, madzulo, ndowa imodzi ikwane masabata awiri. Madeya amene kale tinkawaona ngati a nkhumba tinkawagula n'kusakaniza ndi chimanga pogayitsa. Ataona kuti sizikwanabe anasiya sukulu masabata asanu n'kuwoloka kukagwira ganyu m'minda ya ku Mozambique, kumene malipiro ake anali chakudya. Anabwera ndi ndowa ziwiri pamutu, mapazi atang'ambika, n'kufikira kuwerenga timizere take pakhoma kuti aone ngati tinaba.

Mayeso a MSCE tinalemba mu 2003. Mtsikana uja anakhoza bwino kuposa tonse. Wa nyemba anapeza 3 pa Biology ndi 4 pa Agriculture koma 9 pa Chingerezi, ndipo anabwereza chaka chotsatira. Tsiku lotuluka m'chipinda tinagawana katundu pakhonde. Wa zovala anatenga ayironi, wa nyemba mapoto, ine mbaula imene inali itabowoka kale kunsi. Ndowa inatsala kwa amayi eni nyumba, chifukwa tinali ndi ngongole ya lendi ya mwezi umodzi, ndipo mkulu wathu anachita kuitsuka ndi mchenga asanawapatse.

M'gawo lotsatira ndidzafotokoza za miyezi yodikira zotsatira, imene ndinakhala ndikugulitsa tomato pamsewu.