Simba ndi zitini za pakhonde

Semesita ino tikuphunzira za zomera zonenepa masamba, zija zimasunga madzi m'kati mwake, ma succulent. Ine ndinkaziyesa banja limodzi, ngati mmene nyemba, khobwe ndi nandolo zilili pachibale. Ayi ndithu. Kunenepa kwa masamba ndi njira chabe yopirira chilala, ndipo imapezeka m'mabanja ambiri osagwirizana. Nkhadze, mwachitsanzo, ndi m'bale wake wa chinangwa, osati wa Aloe vera.

Mfundoyi ndinangoilemba m'kope kuti ndidzakhozere mayeso. Amene wandilowetsa nayo m'mutu ndi Simba, kagalu ka a landilodi kuno ku Chikanda, kamene kakumera mano ndipo sikasiya kanthu: silipasi, tsache, chingwe cha tchaja.

Loweruka m'mawa ndinapeza chitini chimodzi chagubuduka pakhonde, dothi lili mbwee, tsamba lili ndi timabowo ta mano. Mayi landilodi anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Mwanawe, maluwa akowa sandiphera galu?"

"Dikirani, mayi, ndione kaye kuti watafuna liti."

Mwayi wake, anali atatafuna Haworthia, kaja kamasamba osongoka a timizere toyera. Kamafanana kwambiri ndi aloe wamng'ono, ndipo zonse ndi za banja la Asphodelaceae, koma pa mndandanda wa bungwe la ku America losamalira nyama la ASPCA, Haworthia alibe poizoni kwa agalu pomwe Aloe vera ali naye. Apa mpamene ndinakhala pansi. Pachibale penipeni, maonekedwe amodzi, koma wina ndi wosaopsa, wina amadwalitsa.

Ndinadula tsamba la aloe kuti mayi aone okha. Pansi pa khungu panatuluka utomoni wachikasu, wowawa koopsa. M'menemo ndi mmene muli aloin, yemwe amatsegulitsa m'mimba. Galu akatafuna amasanza, amatsegula m'mimba, nkufooka. Mayi anadabwa, poti iwo amadzola aloe yemweyo akapsa ndi moto.

Crassula ovata, ka mtengo kamasamba obulungira kaja, nakonso kamasanzitsa galu ndi kumudzandiritsa. Nkhadze sitifunika kuchita kuwerenga m'buku, tonse tinakula tikuuzidwa kuti utomoni wake usafike m'maso. Galu umamuotcha m'kamwa mpaka dovu kuchucha.

Chimene chinandiopsa kwenikweni ndi Kalanchoe, yemwe ndinkamukonda kuposa onse. Ali ndi mankhwala otchedwa bufadienolides amene angasokoneze kagundidwe ka mtima, ndipo abale ake ena amapha mbuzi ndi nkhosa ku South Africa. Mtundu umene ndinali nawo, wochokera ku Madagascar, umabereka tiana m'mphepete mwa tsamba, timene timayoyoka nkumera paliponse. Ndiye kuukweza pa shelefu sikukanathandiza. Nditasuzumira kuseri kwa thanki ndinapeza tasanduka kale kadimba. Ndinazula tonse.

Mayi amati galu akadya zoipa timumwetse mkaka kapena madzi amchere asanze. Ndinawapempha kuti zamcherezo ayi, mchere wambiri ndi poizoni pawokha kwa galu. Bola kutola tsamba lotafunidwalo nkuthamangira nalo kwa dokotala wa ziweto, akadziwe chomera chenicheni.

Pano chitini chilichonse chili ndi kapepala ka dzina lake, aloe ndi Crassula zili pawindo la kuchipinda kwanga. Haworthia ndi Echeveria, succulent ina yosaopsa kwa agalu, ndazisiya pakhonde. Simba sakuziyang'ananso n'komwe, wabwerera ku silipasi zanga.