Madzi a kumapazi kwa apongozi

Apongozi anga aakazi ndinawakhazika mpando wakutsogolo dala, kuti aone okha kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi munthu wamba. Ka Toyota Sienta kanga kanali kotsukidwa bwino, AC yoziziritsa m'galimoto ikuwomba, ulendo wa ku Nchalo m'mwezi wa Januwale, nthawi imene thukuta limatuluka ngakhale utangokhala.

Tikutsika mapiri aja a ku Chikwawa, pa kona yoyamba ndinamva khwaa! m'kati mwa dashibodi. Kuponya diso pansi, madzi ali thapwi kumapazi kwa apongozi. Iwo ali zii, maso kutsogolo. Mutu wanga unathamangira kutali: munthu wachikulire, tiyi wam'mawa uja, msewu wokhotakhota. Nanga mkamwini angafunse bwanji zoterezo? Pa Thabwa ndinaimitsa n'kunena mwaulemu kuti, "Mwina alipo wofuna kupita kuseri." Palibe anatsika. Akazi anga kumbuyoko anagwira thewera la mwana, louma.

Titawoloka mlatho wa Shire, apongozi anatsokomola. "Bambo, kodi galimoto zamasiku ano zimasambitsa ndi mapazi omwe? Madzi akewo ngozizira bwino, koma chitenje chatha."

Makaniko amene tinamupeza ku Nchalo sanatsegule n'komwe bokosi la zida. Anaviika chala pa kapeti, kununkhiza, kutikita. Anati akanakhala madzi a injini akanakhala ndi mtundu, obiriwira kapena ofiirira, oterera m'zala ndiponso onunkhira motsekemera. Awa anali oyera, opanda fungo. Kenako anandifunsa ngati galimoto imasiya kadziwe pansi ndikaimika AC itayaka.

"Yanga? Ayi, bwana, siidontha ngakhale kadontho," ndinayankha monyada, mokweza kuti apongozi amve.

"Matenda ake ndi omwewo, achimwene."

Anafotokoza kuti kuseri kwa dashibodi kuli evaporator, chitsulo chimene chimazizira kwambiri. Mpweya wachinyontho ukachikhudza umasanduka madzi, monga botolo la Fanta lochokera mufiriji limachitira thukuta. Madziwo amagwera m'kabokosi, n'kutuluka ndi kapaipi ka labala kopita kunsi kwa galimoto. Kapaipiko kakatsekeka ndi fumbi, tizinyalala ta masamba kapena matope, kabokosi kamadzaza, ndiye pa kona paliponse kamakhuthulira munthu wokhala kumanzere kwa dalaivala.

Apa m'pamene ndinafuna kuonetsa kuti nanenso za galimoto ndimazitsata. Ndinavula jekete, kukwawira kunsi limodzi ndi makaniko, n'kugona chagada kuti ndikaone kapaipiko ndi maso anga. Anandilozera, kakuda, kaafupi, kakuloza pansi. Ine n'kusendera pafupi. Iye anasendera kutali, zomwe ndinazimvetsa mochedwa. Analowetsa kawaya kofewa pang'onopang'ono kuti asaboole za m'katimo, ndipo zonse zinatuluka kamodzi: matope, ndere, madzi onunkha chinkhungu, m'maso, m'mphuno, mpaka m'kamwa momwe munali motsegula pofuna kufunsa funso.

Ndinatuluka shati yoyera itasanduka yakhofi, ana atazungulira galimoto akuwomba m'manja. Makaniko anati ndichotse kapeti ndikayanike padzuwa, apo ayi pansi pachita dzimbiri ndipo fungo lake sindidzalipirira.

Apongozi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kutembenukira kwa mwana wawo. "Pobwerera ine ndikwera minibasi. Koma auze amuna akowa kuti pa Thabwa paja ndinawamva."