Zimene mbalame za kuno ku Joni zikudya mvula isanagwe

Kabuku kanga ka mbalame kasintha. Poyamba ndinkangolembamo mayina basi. Kuyambira m'chisanu chapitachi ndikumalembanso zimene mbalameyo ikudya ndi pamene ikudyera, ndipo zimenezi zikundiphunzitsa zambiri kuposa mayina aja.

Ndiyambe ndi hadeda, mbalame yaphokoso ija imene imatidzutsa mbandakucha tonse okhala mu Johannesburg. Pakhomo pamene ndimagwira ntchito ya m'gadeni ku Randburg, kapinga wa kumaso timathirira, wa kuseri ayi. Mvula kuno imasiya cha mu Epulo, ndiye pofika Ogasiti nthaka ya kuseriko imakhala ili gwa. Mbalamezi sizipondako n'komwe. Zonse zimaunjikana kumaso, makamaka ndikangotseka madzi. Imazika mlomo wake wautali m'dothi, kuuzula, kusuntha pang'ono, kuzikanso, mpaka itulutse nyongolotsi. Sikuti imaiona ndi maso nyongolotsiyo. Nsonga ya mlomo ndi imene imamva kuti pansipa pakuyenda chamoyo, ndipo imamva bwino dothi likakhala lonyowa. Zimadyanso nkhululu zikuluzikulu zija anthu kuno amati Parktown prawn. Kale dera lino linali la udzu, mitengo inali yowerengeka. Anthu atadzala mitengo n'kuyamba kuthirira kapinga, hadeda inapeza pogona ndi podyera, n'chifukwa chake lero zili ponseponse. Tinene kuti amene tikuzidyetsa ndife ogwira payipi.

Mabulosi ayamba kupsa, ndipo mtengo wa kumpanda sukusowa alendo. Apumbwa ndiye amafika oyamba. Kenako pamabwera mbalame yotuwa ya tsumba ndi mchira wautali ija amati go-away. Imeneyi ndinkayesa kuti imadya zipatso zokha, koma mu Julayi, zipatso kulibe, ndinaiona ikubudula masamba anthete ndi maluwa. Njiwa zilibe nazo ntchito zonsezi, zimangotola njere pansi. Muzidzaziyang'ana pomwa madzi: mbalame zambiri zimatunga ndi mlomo n'kuweramuka kuti madzi atsike, koma njiwa imangoviika mlomo n'kumayamwa osadzutsa mutu.

Loweruka lina mnzanga wa ku Dedza anandiperekeza ku Walter Sisulu National Botanical Garden ku Roodepoort. Pathanthwe la pafupi ndi mathithi a Witpoortjie pali chisa cha ziwombankhanga zakuda, zija za Verreaux, zokhala ndi zoyera kumsana. Tinapeza anthu odzipereka amene amaziyang'anira atayimika makina oonera patali, ndipo anatilola kusuzumira. Mtima wanga unagunda pamene imodzi inadutsa pamwamba pa mathithiwo osakupiza phiko ngakhale kamodzi. Kumapiri kwina mbalame imeneyi imadalira kwambiri mbira za m'matanthwe. Koma kuno nyumba zameza zitunda zozungulira, mbira zachepa, ndiye ziwombankhangazi zatembenukira kwambiri ku nkhanga ndi nkhwali. Zimayikira mazira awiri, koma kawirikawiri mwana amene amakula ndi mmodzi, chifukwa woyamba kuswedwa amajompha mng'ono wake mpaka kufa. Mnzangayo zinamukhudza, anangoti kukamwa yasa. Ineyo chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti mbalame yaikulu chonchi imafuna malo aakulu osakamo, pamene kumanga nyumba kumeneko sikukuleka.

Pali china chimene ndaona mwezi uno chimene chasintha kagwiridwe kanga ka ntchito. Atchete ayamba kuluka zisa pamtengo wa pafupi ndi geti. Akuluakulu amadya njere, koma anapiye amawapatsa tizilombo, mbozi ndi ziwala ting'onoting'ono, chifukwa mwana wokula msanga amafuna chakudya chomanga thupi. Ndiye ukapopera mankhwala pagadeni yonse, wawalanda anawo ndiwo. Ndinawafotokozera abwana, ndipo anavomera kuti tizingopopera pamene pagwidwa penipeni.

Za buledi ndinene mosabisa, sindigwirizana nazo. Anthu ambiri amamwaza nyenyeswa pabwalo ndi mtima wabwino, koma buledi amangodzaza mimba, ndipo amene amapindula kwambiri ndi makoswe ndi mbalame zolanda zija za myna. M'miyezi youma ino mbale yosaya ya madzi oyera, yoikidwa pamene mphaka sangabisalire, imaitana mitundu yambiri kuposa chakudya chilichonse chimene ndayesapo.

Tsopano ndikudikira mvula yoyamba ya mu Okutobala. Ngumbi zikatuluka ndikufuna ndilembe bwinobwino kuti ndi mbalame ziti zikugwira m'mwamba monga anamzeze, ndi ziti zikudikirira pansi pakamwa pa una. Abale a ku Rosettenville ndi Turffontein, kumene mitengo ndi kapinga n'zochepa poyerekeza ndi kuno, ndiuzeni zimene mbalame za kwanuko zikudya, ndifananitse ndi za ku Randburg.