Filimu yojambulidwa ku Tete isanapite ku chikondwerero: zofunika kukonza

Anyamata ambiri a ku Ulongwe, Furancungo ndi Moatize tsopano ali ndi kamera kapena foni yojambula bwino, ndipo nkhani za mafilimu a zochitika zenizeni, amene pa Chipwitikizi amati documentário, sizisowa kuno. Pali mabanja amene anasamutsidwira ku Cateme chifukwa cha malasha, asodzi a kapenta pa damu la Cahora Bassa, alimi a mbatata ya kachewere ku Angónia ndi Tsangano, amalonda a pa chipata cha Zóbuè ndi Calómue. Koma mafilimu ochuluka amathera pa Facebook tsiku lomwelo wokonza wamaliza, ndipo mwayi wa ku chikondwerero cha mafilimu umafera pompo.

Chifukwa chake ndi ichi. Zikondwerero zikuluzikulu zimafuna kuti filimu ionekere kwa iwo koyamba, kaya pa dziko lonse, kaya mu Africa, kaya m'dziko lawolo. IDFA, chikondwerero cha mafilimu a zochitika zenizeni cha ku Amsterdam, imene imachitika mu Novembala, imasamala kwambiri za zimenezi. Encounters ya ku Cape Town ndi Johannesburg, imene inayamba mu 1999, ndi chikondwerero cha ku Durban nazo zili ndi malamulo awo, FESPACO ya ku Ouagadougou chimodzimodzi, ndipo iyo imachitika kamodzi pa zaka ziwiri. Filimu imene yakhalapo poyera pa YouTube amaitenga ngati yotuluka kale, ngakhale mutaichotsa mawa lake. Choncho kope lotumiza kwa oweruza liikeni pa Vimeo, tsamba la pa intaneti loikapo makanema, ndi mawu achinsinsi, kapena pa FilmFreeway pamene zikondwerero zambiri zimalandirira mafilimu. Anthu ndi okonda kugawana: mukapatsa mnzanu mmodzi pa WhatsApp kuti "angoonako", mwapatsa mudzi wonse.

Kalembera amatsekedwa miyezi ingapo chikondwerero chisanachitike, ndipo ndalama yolembetsera imakwera tsiku lotseka likamayandikira. Malipiro ake ndi a madola kapena mayuro pa khadi la banki. Lembani kalata yaifupi yopempha kuti akuchotsereni malipirowo. Zikondwerero zina zimavomera kwa ojambula a mu Africa, koma pemphani kalembera asanatseke. Onaninso utali wa filimu. Malire a filimu yaifupi ena amaika pa mphindi 30, ena 40. Filimu ya mphindi 47 imavuta kuipezera malo pa ndondomeko, ndipo kawirikawiri mphindi 15 za mkati mwake ndi za galimoto ikuyenda pa msewu wafumbi, zimene mukanadula osataya kanthu.

Zambiri zimene zimagwetsa filimu zimalakwika tsiku lojambula. Magetsi a EDM, kampani ya magetsi ya ku Mozambique, ndi a 50 Hz, pamene mafoni ambiri amabwera atatcheredwa pa zithunzi 30 pa sekondi. Mukajambula m'nyumba yoyaka babu kapena chubu, chithunzi chimaphethira ndipo pamadutsa mizere yakuda. Tcherani pa zithunzi 25 pa sekondi, shata (nthawi imene kamera imalandira kuwala pa chithunzi chilichonse) pa 1/50, ndipo makamera onse a filimu imodzi akhale pa muyezo womwewo. Foni ilinso ndi khalidwe lina loipa: imasinthasintha liwiro la zithunzi ikatentha kapena kuwala kukachepa, ndiye pa kuyankhula kwa mphindi 20 milomo imayamba kusiyana ndi mawu. Musanayambe kudula, dutsitsani mafayilo a pa foni mu pulogalamu ya HandBrake kuti liwiro likhale limodzi.

Mawu ndiwo amaweruzidwa msanga kuposa chithunzi. Oonera amapirira chithunzi cha mdima pang'ono, koma agogo akamayankhula osamveka chifukwa cha mphepo ndi chigayo chapafupi, amatopa pa mphindi zitatu. Maikolofoni ikhale pafupi, ya pa kolala ikhale pa mtunda wa chikhatho chimodzi kuchokera pakamwa, yovekedwa kaubweya kotchinga mphepo. Jambulani pa 48 kHz, mahedifoni ali m'makutu nthawi yonse. Mukamaliza kufunsa mafunso, pemphani onse akhale chete kwa mphindi imodzi mujambule phokoso la malowo, mudzalifuna pomata mipata. Ndipo wailesi ya pa barraca (kagolosale) izimitsidwe. Nyimbo ya woimba wina ikalowa m'filimu, chikondwerero chidzakusainitsani kuti muli ndi chilolezo cha nyimbo zonse, ndipo kuichotsa pansi pa mawu a munthu sikutheka bwinobwino.

Nkhani ya chilolezo kuno ili ndi mbali ziwiri. Ya boma ndi yodziwika: credencial (kalata ya chilolezo) yoonetsa ku administração (ofesi ya boma), kenako kwa secretário wa bairro (mlembi wa dera) kapena kwa a mfumu. Ya anthu ojambulidwa ndiyo imachitidwa mwachinyengo kawirikawiri. Kusainitsa mayi pepala la Chipwitikizi limene sanaliwerenge si kupempha. Afotokozereni m'Chinyanja kapena m'Chinyungwe kuti filimuyi idzaonetsedwa kunja kwa dziko ndipo mwina pa intaneti, kamera ikujambula, iwo ayankhe ndi pakamwa pawo, pepala libwere pambuyo. Kwa ana, avomere ndi makolo.

Pa gule wamkulu m'pofunika kukhalitsa. Kuyambira pamene UNESCO inaulengeza mu 2005 kukhala chuma cha anthu onse, cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, alendo ambiri amaufuna pa kanema, ndipo wojambula wa kuno amaona ngati ndiyo njira yachidule yolowera ku chikondwerero. Chilolezo chimachokera kwa mwini mzinda, ndipo pa bwalo atsabwalo ndiwo amakuuzani poima. Kudambwe kamera silowa, ngakhale wojambulayo ali wometa. Chilombo chikagwa kapena china chake chikasololoka, chidutswa chimenecho chimachotsedwa, osati kusungidwa kuti "ndiye pokoma". Mawu olembedwa pansi pa chithunzi asatchule dzina la munthu pamene pakuvina chilombo. Njira yabwino ndi kubwerera ndi laputopu filimu isanatsekedwe, akuluakulu aione m'nyumba, anene zochotsa. Kuonetsa kotereku, kwa anthu a m'filimu okhaokha, kopanda kulengeza, zikondwerero zambiri sizikuwerengera ngati kutulutsa filimu. Kuonetsa pa bwalo la sukulu mutalengeza pa wailesi ya m'dera ndi nkhani ina. Werengani lamulo la chikondwerero chimene mukufuna, ndipo ngati lili lolimba, chionetsero cha pa bwalo chidikire.

Mawu a m'munsi, amene kuno timangoti legendas, mufunika awiri: a Chipwitikizi a ku Maputo ndi a Chingerezi a kunja. Asamatidwe pa chithunzi cha kope lalikulu. Akhale fayilo yapadera ya SRT, imene mungapange ndi Subtitle Edit kapena Aegisub, zonse zaulere. Mizere isapitirire iwiri, mzere uliwonse zilembo zosaposa 42, ndipo mawu akhale pa chithunzi pakati pa sekondi imodzi ndi masekondi 6. Vuto lalikulu ndi miyambi. Mkulu akati "mutu umodzi susenza denga", womasulira waulesi amalemba za mutu ndi denga, mlendo n'kusokonezeka, pamene wina amalemba tanthauzo lokha, mchere wonse n'kutha. Ngati nthawi ilipo, sungani mawu a mwambiwo monga alili, chiganizo chotsatira cha mkuluyo chimamasulira chokha. Sungani fayilo mu UTF-8, kasungidwe kozindikira zilembo za mitundu yonse, apo ayi ŵ ndi zilembo za Chipwitikizi monga ã ndi ç zimasanduka tizizindikiro tachilendo.

Filimu ikasankhidwa adzakupemphani kope loonetsera. Ola limodzi la ProRes 422 HQ (mtundu wa fayilo ya kanema yapamwamba) pa 1080p25 limadya pafupifupi 83 GB, ndiye musaganize zolitumiza ndi megas a pa foni muli ku Tsangano. Pezani intaneti yokhazikika mumzinda wa Tete, mulitumize usiku ndi pulogalamu imene imapitiriza pamene yadukira. Nyumba za kanema zimafuna DCP, mtundu wa kope limene makina awo amawerenga, imene mungapange ndi DCP-o-matic, koma funsani kaye ngati makina awo amalandira zithunzi 25 pa sekondi kapena 24 zokha. Kope laling'ono la H.264 pa 10 Mbps limakwana 4.5 GB pa ola, ndipo fulashi yokonzedwa mu FAT32 imakana fayilo yoposa 4 GB ngakhale malo alipo. Isintheni ikhale exFAT kapena NTFS. Mafayilo onse akhale pa madisiki awiri, osungidwa m'nyumba ziwiri. Moto wa mu 1991 ku Instituto Nacional de Cinema, bungwe la boma la mafilimu, ku Maputo unaononga zambiri pamalo amodzi, ndipo disiki imodzi m'chikwama cha pa njinga yamoto ili pangozi yoposa pamenepo.

Bungwe lomwelo ndilo linkapanga Kuxa Kanema dziko litangolandira ufulu mu 1975, nkhani za pa kanema zimene magalimoto ankayenda nazo m'maboma kukaonetsa anthu. Pamene Pedro Pimenta ankayambitsa chikondwerero cha Dockanema ku Maputo mu 2006, mwambo wa mafilimu otere unali kale ndi mizu m'dziko muno. Chimene chinazilala ndi mbali ya galimoto ija, yobweza filimu kwa eni nkhani. Lero ntchitoyo imakwana m'katoni imodzi.

Pa nsalu ya mamita 3 m'lifupi, pulojekita ya malumeni 3000 imakwanira kunja kukada. Zambiri zimafuna kuima pa mtunda wa mamita 4 mpaka 5 kuti zidzaze nsalu yotere. Dzuwa kuno limalowa cha m'ma 5:30 nthawi yozizira ndi kupitirira pang'ono 6 koloko nthawi ya dzinja, ndiye yambani patapita theka la ola. Mwezi ukakhala wathunthu chithunzi chimayera, ngakhale amayi amaukonda chifukwa cha ulendo wobwerera kunyumba. Ku Angónia mu Juni ndi Julayi mphepo imakankha nsalu ngati tanga la bwato, choncho imangeni pa khoma la kalasi, osati pakati pa mitengo iwiri, ndipo chionetsero chisapitirire ola ndi theka chifukwa anthu amathawa chisanu. Kumunsi ku Tete ndi Moatize mdani ndi kutentha ndi fumbi: mu Okutobala pulojekita imadzizimitsa yokha ngati sefa yake yatsekeka, ndiye ipukuteni musananyamuke, ndipo musaiike pa nsalu yotseka mabowo a mpweya.

Pulojekita, masipika awiri ndi laputopu pamodzi sizifika 1 kW, choncho jenereta ya 2 kVA ndi yokwana, makamaka ya inverter imene magetsi ake sadumphadumpha. Iikeni mamita 25 kapena 30 kuseri kwa nyumba, ndi waya wonenepa wa 2.5 mm², wotambasulidwa yense osati wokulungidwa. Thirani mafuta musanayambe. Pulojekita ya babu ikazima mwadzidzidzi fani imaima babu likadali lotentha, ndipo moyo wake umafupika, n'chifukwa chake ka UPS kakang'ono (batire losunga magetsi akazima) pakati n'kofunika. Ngati mukugwiritsa ntchito magetsi a pa sukulu kapena pa tchalitchi, onani mayunitsi a magetsi a Credelec masana. Masipika akamalira "mmmm", lumikizani zida zonse pa soketi imodzi, kapena zulani chaja ya laputopu iyendere batire. Waya wa HDMI ukapitirira mamita 10 umayamba kudukiza chithunzi, ndiye laputopu ikhale pafupi ndi pulojekita, wautali ukhale wa masipika.

Kope la kumudzi likhale lopanda legendas pamene akuyankhula Chinyanja, koma pamene mkulu wa boma kapena wa kampani akuyankhula Chipwitikizi ikanipo mawu a munthu womasulira, chifukwa a kumbuyo saona zolemba ndipo si onse amawerenga. Masipika akwezedwe pa mitengo kapena pa madesiki kufika pa msinkhu wa mutu wa munthu woimirira. Akakhala pansi, ana a kutsogolo amagontha makutu pamene akuluakulu a pa mipando sakumva kanthu. Siyani maikolofoni imodzi yolumikiza kuti filimu ikatha a mfumu ayambe kuyankhula, ndipo mafuta a mu jenereta muwawerengere ola lina la zokambiranazo.