Pepala la malume

Lachitatu usiku. Ndayala mkeka pakhonde chifukwa m'nyumba simukulowedwa, Okutobala wa kuno kuchigwa salola munthu kugona. Komanso mutu wanga uli kwa malume.

Tinakumana padoko ku Bangula tikudikira bwato lopita kutsidya, cha ku Makhanga. Iwo ndi mlangizi wa zaumoyo, a HSA, ntchito anayamba ine ndikadali kupulayimale. Tisanamalize n'komwe kulonjerana anasolola pepala lopindapinda mkati mwa kaundula wawo wa ana.

"Mphwanga, iwe paja umadziwa za kompyuta. Tandiwerengera ichi bwinobwino, Chizungu chake chandikulira."

Chinali chilengezo cha bungwe lina la kunja, loti likupereka ndalama zophunzitsira anthu ogwira ntchito zaumoyo m'midzi yakutali ndi chipatala. Malume maso anali atawala. Ali ndi gulu la amayi odzipereka amene amawathandiza kuyendera makomo, kukumbutsa za sikelo ndi katemera, kuthira kolorini m'zidebe. Akufuna amayiwo aphunzire mwadongosolo. Boma limati mlangizi mmodzi aziyang'anira anthu 1,000. Nditawakumbutsa zimenezi anangoseka, nati awo anapitirira pamenepo kalekale, ndipo mvula ikagwa theka la anthuwo amakhala kuseri kwa madzi.

Ndinayamba kuwerenga mokweza, ndikumasulira. Wopempha akhale bungwe lolembetsedwa kuboma. Likhale ndi akaunti kubanki. Lionetse malipoti a momwe linagwiritsira ntchito ndalama zaka zapitazi, osainidwa ndi akatswiri owerengera chuma. Pempho litumizidwe pa intaneti, m'Chingerezi. Pamunsi, m'zilembo zing'onozing'ono, akuti ndalamazi ndi za maphunziro okha, mankhwala ayi, njinga ayi, malipiro ayi.

Malume anakhala duu. Kenaka anati, "Ndiye akufuna anthu akutali ati? Akutali amene ali ndi akaunti?"

Apa m'pamene anatsegula za kukhosi. Akuti maphunziro omaliza amene anamva anachitikira kumalo ena ogona alendo, sabata yathunthu, ndipo mayina ambiri anali a anthu okhala m'mbali mwa msewu wa tala, kumene galimoto ya bungwe imafika n'kubwerera tsiku lomwelo. Ena mwa iwo akhala pa maphunziro amodzimodziwo kangapo. A kutsidya uthenga unawapeza mndandanda utatsekedwa kale. Ineyo sindikuwada amene amathamangira alawansi. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndani angakane envelopu, chimanga chili pamtengo umenewu? Chimene chikundipweteka ndi chakuti pa lipoti lopita kunja adzalemba kuti anthu a kumadera ovuta kufikako aphunzitsidwa, ndipo wowerengayo adzaomba m'manja.

Bwato litabwera tinakwera tonse, njinga ya malume atayigoneka kutsogolo. Pafupi nafe panakhala mayi wina wachitsikana, khanda lili pamiyendo, likukhosomola. Malume anasiya nkhani pakati. "Mayi, mwanayu ali ndi miyezi ingati?" Isanu ndi iwiri. Anapempha kuti akweze kamalaya, natulutsa foni yawo ya mabatani yomangidwa ndi mphira, chifukwa kawotchi kowerengera mpweya kamene anapatsidwa kanafa kale. Mphindi imodzi yathunthu maso ali pa kachifuwa kaja, milomo ikugwedera, wopalasa naye anachita kuchepetsa phokoso la nkhafi. Mwana wa miyezi iwiri kupita m'tsogolo koma wosakwana chaka akapuma ka 50 kapena kupitirira pa mphindi, ndi chizindikiro cha chibayo. Wa chaka chimodzi mpaka zisanu ndi ka 40. Atatha anangoti, "Musakafikire kunyumba. Pitani naye kuchipatala lero lomwe. Amoxicillin ine ndilibe, bokosi langa muli LA ndi Thanzi basi."

Atatembenukira kwa ine anati, "Waona? Ichi n'chimene ndikufuna amayi anga adziwe. Sichifuna hotela. Chimafuna munthu wokhala nawo pansi pa mtengo, n'kubweranso mwezi wamawa kudzaona ngati akuwerengabe molondola."

Zoti abwerenso mwezi wamawazo ndiye zimene sindinazione pa pepala lija. Ntchito ya alangizi a zaumoyoyi inakula chifukwa cha kolera wa m'ma 1970, anthu ake akuphunzira masabata ochepa chabe, ndipo a msinkhu wa malume sanapitirire masabata 12 asanatumizidwe kumudzi. Zina zonse anaphunzira ali pantchito. Kolera wa 2022 mpaka 2023, amene anapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, anawapeza ali pomwepo. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anawapezanso pomwepo, Ruo ndi Shire zitasefukira, zigawo zina za kutsidya zitasanduka zilumba. Pa nthawi ngati imeneyo wophunzitsidwa wa kumsewu uja amakhala tsidya lino, akuyang'ana madzi ngati tonsefe.

Ndipo chiyimitsireni America thandizo lake lambiri kumayambiriro kwa 2025, aliyense akuthamangira timathumba ting'onoting'ono ngati kameneka. Mabungwe a ku Blantyre ndi ku Lilongwe okhala ndi anthu olembedwa ntchito yongolemba mapempho nawonso ali pamzere womwewu ndi malume anga a foni yomanga ndi mphira. Ndikaganiza zimenezi mtima umachita kuwira, mwina ndi kutenthaku, kaya.

Madzulo ano ndinatsegula fomuyo pafoni. Netiweki inaduka ndili pa tsamba lachiwiri, nditabwerera zonse zinali zitafufutika. Nditayambiranso ndinakakamira pa bokosi lofuna nambala ya chiphaso cha bungwe, ndipo silikulola kupitirira popanda kulembamo kanthu. Tsiku lomaliza ndi Lachisanu la sabata yamawa.

Pali gulu la kutchalitchi kwathu lomwe lili ndi chiphaso komanso akaunti. Nditha kuwapempha kuti pempholi lidzere mwa iwo. Koma ndalama zikadzafika, mndandanda wa ophunzira adzalemba ndani? Komanso wapampando wawo ndi malume sanalankhulane chikanganirane nkhani ya masikito chaka chatha. Mawa ndiyamba ndawaimbira mayi anga, iwo ndi amene amadziwa kuwanyengerera achimwene awo.