Volyumu ya mahedifoni mu minibasi

Abale, kodi munakhalapo mu minibasi limodzi ndi munthu woti wavala mahedifoni koma nyimbo yake mukuimva inu muli mpando wakumbuyo, mpaka mukudziwa kuti iyi ndi amapiano osati ya uzimu? Ine sindimuweruza ayi. Injini ikulira, kondakitala akukuwa, adalaivala nawonso atsegula wailesi yawo, ndiye kuti umve zako umangokweza basi mpaka batani lifike pothera. Koma khutu silisankha kuti ili ndi phokoso la injini, iyi ndi nyimbo yanga yapamtima, zonse zimangolowa limodzi.

Mkati mwenimweni mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, madokotala amati cochlea, ndipo mmenemo muli timaselo tokhala ndi titsitsi, pafupifupi 16,000, tomwe timatumiza mawu ku ubongo. Timeneti tikafa sitimeranso, palibe jakisoni kapena mapiritsi otidzutsa. Choipa kwambiri nchoti sizipweteka. Zimayamba pang'onopang'ono, ukavula mahedifoni usiku khutu likungolira kuti nziii, kenako patapita zaka uli paukwati kapena mu holo anthu akuyankhula, mawu ukuwamva ndithu koma chomwe akunena sukuchigwira, umangoti "mwati bwanji?" mpaka anzako kutopa nawe.

A WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati achinyamata oposa 1 biliyoni padziko lonse ali pachiopsezo chifukwa cha kamvedwe kotereka. Muyeso wawo kwa munthu wamkulu ndi ma decibel 80 (decibel ndi muyeso wa kukula kwa phokoso) kwa maola osapitirira 40 pa sabata. Apa mpamene pali nkhani: ukangowonjezera ma decibel 3 okha nthawi ija imatsika ndi theka, ndiye pa 83 ndi maola 20, pa 86 maola 10, ukafika pa 100 watsala ndi mphindi pafupifupi 20 sabata yonse, ndipo mafoni ambiri ukakweza mpaka kumapeto amafika pamenepo. Mphindi 20 abale, ulendo umodzi wa mu Limbe kupita m'tauni nthawi ya jamu watha kale.

A WHO amalangiza kuti volyumu isapitirire 60 peresenti. Foni ikakuchenjeza kuti wakweza kwambiri usamangodina OK ngati ikukusokoneza. Komanso timahedifoni totchipa tosatseka bwino khutu tija ndi tomwe timakukakamiza kukweza, bola tokhala ndi labala yokwana bwino m'khutu, kapena a noise cancelling, omwe amachepetsa phokoso la kunja, ngati thumba likulola, ngakhale mitengo yake eee tisanene.

Ngati kulira kwa m'khutu kuja sikukusiya, osamangothira mafuta kapena kutokosa ndi kamtengo ka machesi. Ku Queens ku Blantyre kuli kiliniki yoyeza makutu, ku Lilongwe kuli ya ABC (African Bible College) ku Area 47, amakuveka mahedifoni awo nkumakuyimbira timawu tating'onoting'ono, iwe nkumadina batani ukamva.